Mafunso ndi mayankho: Ambuye Patrick Kalilombe ndi miphakati imene inawachotsetsa pampando

Mukapita ku mphakati, kagulu ka mabanja achikatolika oyandikana kopempherera pamodzi, Lamulungu masana Misa itatha, n'kufunsa anthu amene akhala pamkekapo kuti kusonkhana chonchiku kunayamba bwanji, ambiri angokuyankhani kuti "tinakupeza." Chinthu chikazolowereka chimaoneka ngati chinamera chokha ngati bowa. Komatu pali munthu amene anachivutikira mpaka kusiya dziko lake. M'munsimu tayankha mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri za munthuyo, Ambuye Patrick Augustine Kalilombe.

Kodi Ambuye Kalilombe anali ndani?

Anali wansembe wa chipani (gulu la amishonale) cha Abambo Oyera, mphunzitsi wa Malembo Oyera, ndiponso episkopi wa dayosizi ya Lilongwe kuyambira 1972 mpaka 1979. Anabadwa pa 28 Ogasiti 1933, anadzozedwa unsembe mu 1958, ndipo anatisiya mu Seputembala 2012 ali ndi zaka 79. Pa zaka zisanu ndi ziwiri zimene dayosizi inali m'dzina lawo, zimene anakhala pakati pa nkhosa zawo ndi zinayi zokha. Zotsalazo anali kunja kwa dziko.

Kwawo kunali kuti?

Ku Mua, m'boma la Dedza, m'tsinde mwa mapiri mukamatsikira kunyanja chakufupi ndi Mtakataka. Abambo Oyera anakhazikitsa mishoni ya Mua mu 1902, motero pamene mwanayu amabadwa, mpingo unali utakhalako zaka makumi atatu. Mua sanali malo a bata pa nkhani ya chikhulupiriro. Kumeneko mtanda ndi Gule Wamkulu zinalimbana zaka zambiri, makamaka pa maliro ndi pa chinamwali, ndipo banja limodzi linkatha kukhala ndi wina wopita kudambwe, wina wopita kutchalitchi. Mwana wokulira pamalo otere sachita kuwerenga m'buku kuti adziwe funso lakuti, kodi Mulungu anali kuti makolo athu asanaone mzungu? Funso limeneli linawatsata Ambuye Kalilombe mpaka ku ukalamba wawo.

Anadzera njira yotani kuti akhale wansembe?

Anayambira njira imene anyamata achikatolika a m'chigawo chapakati ankadzera masiku amenewo: seminale yaing'ono ku Kasina, kenako seminale yaikulu ya Kachebere ku Mchinji, m'malire ndi Zambia. Pamenepo ndi pamene anapatuka. Anzawo ambiri ankapitiriza kuti adzakhale ansembe a dayosizi, koma iwo anapempha kulowa chipani cha amishonale omwe anawabatizawo. Ichi chinali chachilendo, poti panalibe Mmalawi amene anali atalowapo chipanichi. Anawatumiza kumpoto kwa Africa, ku Algeria ndi ku Tunisia, kumene chipanichi chinkasulira anthu ake. Atadzozedwa unsembe anakapitiriza maphunziro ku Rome, kumene anazama pa za Malembo Oyera.

Anabwerera kumudzi m'zaka za m'ma 1960 n'kukaphunzitsa Baibulo ku Kachebere komwe kuja anali mwana wa sukulu, ndipo pambuyo pake anakhala mkulu wa seminaleyo. Taganizirani nthawi yake: dziko likulandira ufulu mu 1964, Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa Vatican ukutha mu 1965, Misa ikuchoka m'Chilatini kubwera m'Chichewa, guwa likutembenuka kuti wansembe ayang'anane ndi anthu. Ansembe ambiri a ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia a m'badwo umenewo anadzera m'kalasi mwawo zinthu zikugwedezeka chonchi.

Abambo Oyera ndi ndani, nanga munthu wakuda angakhale bwanji "woyera"?

Funsoli limaseketsa koma limafunsidwadi. Dzina lenileni la chipanichi ndi Amishonale a Africa, ndipo anachiyambitsa mu 1868 ndi Charles Lavigerie, arkiepiskopi wa Algiers amene pambuyo pake anakhala kadinala. Kuyerako si kwa khungu ayi, ndi kwa mkanjo. Ankavala mwinjiro woyera ngati Aluya a kumpoto kwa Africa, ndi korona m'khosi. Kuno kwathu iwo anagwira ntchito m'chigawo chapakati ndi kumpoto, pamene kum'mwera kunali a chipani cha Montfort.

Onani kuti ife Akatolika mawu akuti "chipani" timawagwiritsa ntchito ponena gulu la ansembe kapena asisitere, pomwe andale nawo ali ndi chipani chawo. M'dziko limene malamulo ankalola chipani chimodzi chokha, liwu limeneli linali lolemera pakamwa.

Kodi ndi iwo anali episkopi woyamba wachimalawi?

Ayi. Ulemu umenewo ndi wa Ambuye Cornelius Chitsulo, amene analinso wansembe woyamba wachimalawi ndipo anakhala episkopi woyamba wa Dedza. Ku Blantyre nakonso Ambuye James Chiona anali atakhala kale arkiepiskopi kuyambira 1967. Ambuye Kalilombe anali Mmalawi woyamba kutsogolera dayosizi ya Lilongwe, ndipo analowa m'malo mwa Ambuye Joseph Fady, mmishonale wa Abambo Oyera.

Wansembe amasankhidwa bwanji kuti akhale episkopi? Amachita kufunsira?

Palibe kulemba kalata yofunsira, palibe kampeni, palibenso voti ya akhristu. Mpando ukakhala wopanda munthu, kazembe wa Papa m'dzikomo amafufuza mwachinsinsi. Amafunsa maepiskopi, ansembe ena, asisitere ngakhalenso akhristu eni ake amene akumudziwa bwino munthuyo, ndipo wofunsidwayo saloledwa kuulula kuti wafunsidwa. Kenako maina atatu amapita ku Rome, kumene maiko a mishoni ngati lathu nkhani zawo zimadzera ku ofesi yoona za kufalitsa Mthenga Wabwino. Womaliza kusankha ndi Papa, ndipo samangidwa ndi maina atatuwo. Malamulo a Mpingo masiku ano amati munthuyo akhale wa zaka zosachepera 35, woti watumikira ngati wansembe zaka zosachepera zisanu, ndiponso wodziwa bwino Malembo, za umulungu kapena malamulo a Mpingo.

Pa mwambo wodzoza pamafunika maepiskopi atatu osanjika manja. Buku la Mthenga Wabwino amalitsegula n'kuligwira pamwamba pa mutu wake, amamudzoza mafuta a krisma kumutu, kenako amamupatsa mphete, chisoti ndi ndodo ya ubusa. Amene anasankha Bambo Kalilombe mu 1972 anali Papa Paulo wachisanu ndi chimodzi. Anali asanakwanitse zaka 40.

Anapeza dayosizi yotani?

Yaikulu, ya anthu ochuluka, ya ansembe ochepa. Inkayambira ku Mchinji mpaka kukafika kunyanja ku Salima ndi Nkhotakota. Parishi imodzi inkakhala ndi matchalitchi ang'onoang'ono ambirimbiri, ndipo Bambo ankawayendera mwa apo ndi apo, pa njinga yamoto, mvula ikalola. Akafika, zonse zinali za tsiku lomwelo: mzere wa olapa kuyambira m'mawa, mayeso a akatekumeni, milandu ya maukwati, kuona makadi a mtulo, kenako Misa. Akachoka, anthu ankadikira ulendo wina. Pakatipa ankagwira mpingo ndi akatekisi ndi aphunzitsi a sukulu za mishoni.

Njira imeneyi inabala zipatso, tisainyoze. Koma inali ndi chilema chimodzi: anthu ankaona mpingo ngati chinthu cha Abambo, chimene chimabwera pa njinga n'kubwereranso pa njinga yomweyo. Ndalama zinkachokera ku Ulaya, ansembe ambiri ankachokera ku Ulaya, maganizo nawonso chimodzimodzi. Pamwamba pa izi Lilongwe weniweniyo ankasintha, poti boma linali likumanga likulu latsopano limene linasamukirako mu 1975, ndipo anthu ankakhamukira m'tauni kumene nzeru za kumudzi zija sizikanatha kuwasonkhanitsa.

Ndiye miphakati anaiyambitsa ndi iwo?

Tinene mosamala. Timagulu tating'ono ta akhristu tinali titayamba kale m'maiko ena, monga ku Brazil ndi ku Congo, ndipo maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, mu bungwe lawo la AMECEA, anaikambirana nkhaniyi ku Nairobi mu 1973, n'kugwirizana mu 1976 kuti imeneyi ndiyo ikhale njira yoyamba ya ubusa m'chigawo chonse. Anadzaiunikanso ku Zomba mu 1979. Ambuye Kalilombe anali mmodzi mwa amene mawu awo ankamveka kwambiri pa zokambiranazi. Chimene anachita mosiyana ndi anzawo n'chakuti sanadikire. Mu 1973 analembera akhristu awo kalata yofotokoza Mpingo wa ku Lilongwe monga unalili ndi monga unayenera kudzakhalira, ndipo anaitanitsa sinodi yaing'ono ya dayosizi, ndiko kuti msonkhano wokambirana za moyo wa Mpingo, imene inayenda kuyambira 1973 mpaka 1975.

Sinodi imeneyi ndiyo inali yachilendo. Sinali ya ansembe okhaokha otsekerana m'chipinda. Mafunso ankatsikira kumidzi, anthu n'kukambirana m'Chichewa, alimi, amayi, achinyamata, ndipo mayankho ankakwera kudzera ku parishi mpaka kukafika kwa episkopi. Mfundo yake inali ya miyendo itatu ngati mafuwa: mpingo wodzitumikira wokha, wodzifalitsa wokha, ndi wodzidalira pa chuma. Ndipo pansi penipeni pa mpingo woterowo pasakhale parishi, pakhale kagulu ka mabanja oyandikana, odziwana maina, opalana moto.

Amene anakhalapo pa mphakati akudziwa mmene zimayendera. Mikeka yayalidwa pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, pa kampando pali nsalu yoyera, mtanda ndi kandulo. Wina amawerenga Mthenga wa Lamulungu likudzalo, kawiri, kuti ndi osadziwa kuwerenga omwe aumve. Pamakhala kachetechete pang'ono, kenako gogo wina amene sanapondepo m'kalasi amanena liwu limene lamukhudza. Zikatha izi mlembi amatsegula kope: wadwala ndani, akamuone ndani, nkhuni za pamaliro zibwera bwanji, banja limene lasiya kuyankhulana alipitire ndani, sabata ino wosesa kutchalitchi ndi mphakati uti. Kwina amati limana, koma nsima yake ndi yomweyi.

Nanga boma linaonapo choopsa chanji pa anthu owerenga Baibulo pansi pa mtengo?

Achinyamata a lero funsoli limawavuta, chifukwa sanaione nthawiyo. Kuyambira 1966 Malawi linali dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr. Hastings Kamuzu Banda anakhala pulezidenti wamuyaya. Ngodya zinayi zinali umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pachipata cha msika kapena pokwera basi. A Mboni za Yehova anali ataletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anazunzidwa koopsa mpaka zikwizikwi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. M'mudzi uliwonse, amene anali ndi mphamvu yoitanitsa msonkhano anali mfumu ndi tcheyamani wa chipani basi.

Tsono tayerekezani kuti m'midzi yomweyo mwabadwa timagulu tokhala ndi wapampando wake, mlembi wake, msungichuma wake, tosonkhana m'nyumba za anthu sabata ndi sabata, tokambirana mavuto a pamudzi, n'kumatumiza malipoti ku likulu lina losakhala la chipani. Maonekedwe ake anali ofanana ndi nthambi za chipani. Komanso chakum'mawa ndi kumadzulo Mozambique anali atangolandira ufulu mu 1975 pansi pa FRELIMO, kumpoto kunali Tanzania wa Julius Nyerere ndi ujamaa wake, ndipo boma la Kamuzu linkadana ndi chilichonse chonunkha chikomyunizimu. Mawu ngati "kudzidalira" ndi "mphamvu kwa anthu wamba" akatuluka pakamwa pa episkopi wachinyamata wophunzira kwambiri, wokhala mu likulu lenilenilo, akazitape sankasowa chokanena.

Kunena zoona, boma linalakwa poganiza kuti episkopiyu akumanga chipani. Koma silinalakwe kwenikweni pochita mantha. Munthu amene wazolowera kusankha yekha mtsogoleri wake, kufunsa msungichuma kuti ndalama zapita kuti, ndi kuyankhula maganizo ake pagulu, tsiku lina adzafunsa mafunso omwewo kwina.

Anachoka bwanji m'dziko?

Zinthu zinafika povuta mu 1976, chaka chimene anthu ambiri ophunzira anali m'ndende popanda kuzengedwa mlandu. Mpingo ndi boma zinayang'anizana, ndipo njira imene inapezeka kuti moto usafalikire ku dayosizi yonse inali yakuti episkopiyo atuluke m'dziko. Anatuluka chaka chomwecho. Kwa zaka zitatu dzina lawo linkatchulidwabe pa Misa ngati episkopi wa Lilongwe mwini wake ali kutali. Kumapeto kwa 1979, pataoneka kuti khomo silitseguka, anatula pansi udindo ali ndi zaka 46, pamene maepiskopi amapempha kupuma akafika zaka 75. Ambuye Matthias Chimole ndi amene anasamutsidwa kuchoka ku Zomba kudzalowa m'malo mwawo.

Pali amene mpaka lero amaona kuti maepiskopi anzawo anagonja msanga. Ena amati pa nthawi imeneyo kulimbalimba kukanangophetsa akatekisi ndi atsogoleri a miphakati kumidzi, anthu amene analibe pasipoti yothawira. Onse awiri ali ndi mfundo, ndipo ife amene tikuweruza tili pamthunzi tisafulumire.

Akatula pansi udindo, munthu amakhalabe episkopi?

Inde. Chimene amasiya ndi dayosizi, osati kudzozedwa. Amatha kupereka ulimbitso, ngakhale kudzoza ansembe ngati episkopi wa pamalopo wawapempha. N'chifukwa chake mpaka tsiku lomaliza anthu ankawaitana kuti Ambuye.

Zaka zonsezo kunja ankachita chiyani?

Anabwerera ku choko. Anapita ku Berkeley, m'dziko la America, kukachita maphunziro a udokotala, ndipo nkhani imene anafufuza inali yomwe ija inawathamangitsa: kuyerekeza njira yakale ya matchalitchi oyenderedwa ndi Bambo ndi njira ya miphakati mu dayosizi ya Lilongwe. Chilonda chawo anachisandutsa phunziro. Anali m'gulu la akatswiri a za umulungu a m'maiko osauka amene anayamba kukumana m'zaka zimenezo, ndipo pa msonkhano wa ku Accra mu 1977 nkhani yawo inali ya kudzidalira kwa Mpingo wa mu Africa.

Kenako anakakhala ku Birmingham, ku England, kumene anaphunzitsa ku makoleji a Selly Oak ndi kutsogolera malo ophunzitsira amene cholinga chake chinali kulumikizitsa akhristu akuda ndi azungu. Ambiri mwa ophunzira kumeneko anali abusa a mipingo ya chipentekoste ndi mipingo ina yoyambitsidwa ndi anthu ochokera ku Africa ndi ku Caribbean, anthu ogwira ntchito mkati mwa sabata n'kumaphunzira kumapeto kwa sabata. Episkopi wachikatolika kukhala pansi ndi abusa otere n'kumaphunzirana nawo, masiku amenewo sizinali zoonekaoneka.

Pa zolemba zawo, mfundo zazikulu ndi ziti?

Ziwiri ndi zimene zimabwerezedwa kwambiri. Yoyamba ndi ya chipembedzo cha makolo. Amishonale ambiri oyamba ankachiona ngati mdima wokhawokha. Iwo ankati chiweruzo chimenecho chinaperekedwa ndi alendo, powerenga Baibulo ndi maso a kwawo, ndipo mwana wa mu Africa ali ndi ufulu wotsegula Baibulo lomwelo n'kufunsa yekha ngati Mulungu sankagwira ntchito pakati pa makolo ake. Yankho lawo linali lakuti ankagwira. Apa mukumvamo mwana wa ku Mua uja.

Yachiwiri ndi ya Baibulo pakati pa anthu osadziwa kuwerenga. Ankati anthu otere Mawu amawalandira ndi khutu, amawasunga pamtima, m'nyimbo, m'masewero ndi m'nthano, ndipo imeneyi si njira yachabe. Koma ankachenjezanso kuti wodziwa kuwerenga ndi amene amasankha ndime yoti ena amve, motero akhoza kusanduka mlonda wa pachipata. Mfundo imeneyi ikadali yamoyo, ingoyang'anani amene amagwira Baibulo pa mphakati wanu. Zambiri mwa nkhani zawo zinasonkhanitsidwa m'buku lotchedwa Doing Theology at the Grassroots, limene linatuluka mu 1999.

Kodi anali nawo pa kalata ya maepiskopi ya 1992?

Ayi, nthawi imeneyo anali adakali ku England ndipo sanali kutsogolera dayosizi. Kalata ya Lenti imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 inasainidwa ndi Ambuye Chiona ndi anzawo, kuphatikizapo Ambuye Chimole amene anawalowa m'malo, ndi Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu amene boma linamupitikitsa m'dziko chifukwa cha kalatayo. Chotsatira chake tonse tikuchidziwa: riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994. Sitinganene kuti miphakati ndiyo inagwetsa ulamuliro wa chipani chimodzi, kumeneko kungakhale kukokomeza. Koma kalata ija inagwera pa anthu amene kwa zaka pafupifupi makumi awiri anali atazolowera kumva mawu owerengedwa n'kuwakambirana m'timagulu.

Miphakati ya lero ndi imene iwo ankafuna?

Mbali ina inde, mbali ina ayi. Kuti inazika mizu, palibe angatsutse. Lero simungabatizitse mwana, kumanga ukwati kapena kuimbiridwa maliro achikhristu popanda mphakati kukuchitirani umboni. Sinodi ya maepiskopi a mu Africa ya 1994 ku Rome inatsindikanso njira yomweyi pofotokoza Mpingo ngati banja la Mulungu.

Koma umboni womwewo ndi umene wasanduka msampha. M'maparishi ambiri mphakati wakhala ofesi yotolera zopereka ndi kudinda makalata. Theka la nthawi limathera pa kuwerenga maina a amene sanapereke ya chitukuko, ya masika, ya paulendo wa Ambuye, ndipo Mthenga umawerengedwa mothamanga ngati chiphaso cholowera ku nkhani ya ndalama. Abambo ambiri amangotumiza akazi awo, achinyamata amabwera pokhapokha akafuna kalata ya ukwati. Kudzidalira kumene Ambuye Kalilombe ankanena kunali ndi ndalama mkati, zoona, koma kunayambira pa anthu wamba kuganiza ndi kusankha okha. Wamasiye amene akuopa kupita ku mphakati chifukwa ali ndi ngongole ya miyezi itatu ndiye munthu weniweni amene mphakatiwo unapangidwira.

Anabwerera liti kumudzi?

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, m'zaka za m'ma 1990. Sanabwerere ku mpando wa episkopi wa Lilongwe ku Maula, poti unali ndi mwini wake. Anakakhala ku Zomba n'kumaphunzitsa za umulungu ndi zipembedzo ku Chancellor College, kumene m'kalasi mwawo munkakhala Akatolika, a CCAP, a Anglican, Asilamu ndi ena osapemphera n'komwe. Anakhala ndi moyo mpaka kuona dayosizi yawo yakale ikukwezedwa kukhala arkidayosizi mu 2011, Ambuye Rémi Sainte-Marie, amenenso anali wa Abambo Oyera, ali arkiepiskopi wake woyamba. Chaka chotsatira, mu Seputembala 2012, anamwalirira ku Zomba komweko.